Madzi saiwala khwawa: mmene mungamalizire ntchito yosintha zinthu m'bungwe

Patatha miyezi inayi chikhazikitsireni njira yatsopano yoitanitsira katundu pa kompyuta, ndinapita kwa mayi amene ankasunga katundu wa bungwe limene ndinkagwirako ntchito. Ndinkangofuna mapepala osindikizira. Mayiwo anakoka dirowa kuti atengemo makiyi, ndipo pansi pa makiyiwo ndinaona buku lachikuto chobiriwira, lomwe lija tinalengeza pamaso pa anthu onse kuti lapuma. Cholembera chinali pakati pake. Anandilola kulitsegula. Mzere womaliza unali ndi deti la tsiku lomwelo.

Sanayese n'kubisa komwe. "Bambo, pa kompyuta paja pempho limadikira abwana kuti avomereze. Nanga abwana akachokapo masiku atatu, anthu ndiziwauza chiyani? Ndimawapatsa katundu, n'kulemba umu. Lachisanu ndimakhala pansi n'kulowetsa zonse."

Ndiye kuti mayiwa ankagwira ntchito imodzi kawiri, ndipo manambala a pa kompyuta amene akuluakulu ankawadalira ankatsalira ndi mlungu wathunthu. Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa: kungopatsa munthu wachiwiri mphamvu yovomereza. Koma gulu lathu lotsogolera ntchitoyo linali litabalalika kale, lipoti lomaliza litasainidwa, ndipo mayiwo sankadziwa kuti dandaulo lawo akalitule kwa yani. Olakwa tinali ife. Tinamaliza zimene zinali pa ndandanda yathu, n'kuyesa kuti tamaliza kusintha.

Malangizowa ndi a inu amene mwatha miyezi kapena zaka mukutsogolera kusintha kwina kulikonse, kaya kuphatikiza madipatimenti awiri, kubweretsa pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta, kapena kukonzanso mmene makasitomala amathandizidwira, ndipo tsopano mukuona kuti mapeto ayandikira. Ntchito yotere imakhala yatha pamene njira yatsopano ikuyenda inu osaikankha, yakale yatsekedwa, ndipo pali munthu wodziwika dzina amene angafunsidwe zinthu zikapotoka.

Yambani ndi kufukula chimene munalonjeza

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe la lipoti lomaliza, pezani chikalata chimene munapemphera chilolezo ndi ndalama pachiyambi. Chiwerengeni modekha. Mudzaona mmene cholinga chasendera pang'onopang'ono popanda wozindikira. Munalonjeza kuti kasitomala aziyankhidwa m'masiku awiri m'malo mwa masiku 10, koma lero m'misonkhano mukungokamba za chiwerengero cha anthu amene aphunzitsidwa ndi makompyuta amene agulidwa. Zimenezo ndi zimene inu mwachita. Nanga kasitomala uja akuyankhidwa m'masiku angati?

Tengani pepala limodzi, mulembe lonjezo lililonse, pambali pake mulembe mmene zinthu zinalili musanayambe ndi mmene zilili lero. Malonjezo ena mudzapeza kuti akwaniritsidwa. Ena akadali m'njira, ndipo phindu lake lidzaoneka inu mutachoka kale. Ena analephereka, kapena munawasiya dala. Alembeni momwemo. Lonjezo likasowa mwakachetechete m'lipoti, amene ankaliyembekezera saliiwala, ndipo ulendo wina mukadzabwera ndi kusintha kwina adzangokugwedezerani mutu mtima uli kwina.

Ngati pachiyambi simunayeze mmene zinthu zinalili, musapeke nambala. Lowani m'mafailo akale, mutenge mapempho 30 kapena 50 a chaka chatha, muwerengere nokha kuti lililonse linatenga masiku angati.

Pepalali mupite nalo kwa mkulu amene analamula ntchitoyi n'kuipezera ndalama. Mugwirizane naye, mochita kulemba, zinthu zitatu kapena zinayi zimene zikaoneka ndiye kuti mukhoza kutseka. Zikhale zoti munthu angathe kuziloza ndi chala, monga kuti mapempho onse a mwezi wathunthu adutsa pa njira yatsopano, kapena kuti malipiro atuluka pa nthawi yake miyezi iwiri motsatizana gulu lanu osalowererapo. Deti la pa kalendala palokha si umboni, ndipo kutha kwa ndalama n'kutha kwa ndalama basi.

John Kotter wa ku Harvard Business School analemba mu 1995 za zolakwa 8 zimene anaziona m'makampani oposa 100 amene ankayesa kusintha. Cha nambala 7 chinali kulengeza msanga kuti nkhondo tapambana. Ananena kuti pangatenge zaka 5 mpaka 10 kuti kusintha kwakukulu kuzike mizu m'chikhalidwe cha kampani, ndipo nthawiyo isanakwane njira zatsopano zimakhala zosachedwa kugwa. Chimene chimandikhudza kwambiri m'zimene anaonazo n'chakuti chikondwerero chamsangacho amachikonzera limodzi anthu awiri osiyana: otsogolera kusintha amene akondwa ndi zipatso zoyamba, ndi otsutsa amene akudziwa kuti anthu akangoomba m'manja, chikakamizo chatha. N'zoona kuti gulu lanu silingakhalepo zaka 10. N'chifukwa chake zonse zotsatirazi n'zokhudza kusiya zinthu m'manja mwa amene adzakhalepo.

Pitani mukaone pa tsiku loipa

Lipoti lochokera pansi limadzola mafuta pa tebulo lililonse limene ladutsa. Woyang'anira wamng'ono safuna kuoneka wotsalira, manijala wake safuna kuoneka wotsutsa, ndipo pofika kwa inu zonse zili bwino. Chikomekome cha mkuyu. Dzukani pampando mupite nokha.

Musasankhe tsiku lodekha. Njira iliyonse yatsopano imayenda bwino Lachiwiri m'mawa anthu onse alipo. Pitani kumapeto a mwezi ntchito itapanikiza, kapena tsiku limene intaneti yadula, kapena limene katswiri wa njirayo wadwala. Khalani pambali pa munthu amene akugwira ntchitoyo kwa ola lathunthu, maso anu ali pa manja ake. Kodi akutsegula failo yakeyake ya Excel pambali? Akuyamba walemba penapake asanalowetse? Akuimbira mnzake foni kuti "tangondithandizani mwakale muja, ndidzakonza mawa"? Pa khoma pali kapepala komatidwa kofotokoza mmene angalumphire sitepe ina?

Mukafunsa kuti "zikuyenda bwanji?" yankho mukulidziwa kale. Funsani kuti, "Ndi pati pamene njirayi imakuchedwetsani?" Kenako, "Ndi liti pamene munagwiritsa ntchito njira yakale komaliza, ndipo chinakukakamizani n'chiyani?" Funso lachiwirili limamasula pakamwa, chifukwa likuvomereza kale kuti zoterozo zimachitika.

Zimene mungapeze musazisandutse mlandu. Munthu amene wadzipangira njira yozembera nthawi zambiri ndi uja amaikonda ntchito yake, wosafuna kuti wodzathandizidwa abwerere chimanjamanja chifukwa cha kompyuta. Wakulozerani pamene pali dzenje, kwaulere. Mukamukalipira, bukulo lidzangochoka m'dirowa n'kulowa m'chikwama.

Chenjeraninso ndi manambala amene anthu akudziwa kuti mukuwawerenga. Mukamawerenga amene alowa mu pulogalamu tsiku lililonse, onse azilowa m'mawa n'kuisiya yotsegula. Mukamawerenga madandaulo otsekedwa, azitsekedwa asanathetsedwe. Nambala yotere iziyenda ndi inzake yoiperekeza: ndi makasitomala angati amene abweranso ndi nkhani yomweyo?

Musanachoke, pezani munthu amene walembedwa ntchito posachedwa, mumufunse amene anamuphunzitsa ndi zimene anamuphunzitsa. Ngati wina wamunong'oneza kale kuti "pa pepala amati tizitere, koma ife kuno timatere," nthawi yotseka sinakwane.

Tsekani khomo lakale

Kurt Lewin, katswiri wa maganizo ndi khalidwe la anthu amene anachoka ku Germany kupita ku America mu 1933, analemba mu 1947 kuti gulu likakweza kagwiridwe kake ka ntchito, kawirikawiri silichedwa kubwerera pa mlingo wake wakale, choncho kukhazikika kwa mlingo watsopano kuyenera kukhala mbali ya cholinga. Anagawa kusintha patatu: kusungunula zimene zinauma, kuzisuntha, ndi kuziumitsanso pa malo atsopano. Ife timati madzi saiwala khwawa. Khwawa lakale likasiyidwa pululu, mvula yoyamba yamphamvu imabwezera madzi momwemo, ndipo m'bungwe mvula yamphamvuyo ndi tsiku lililonse limene ntchito yachuluka kuposa anthu.

Kuyendetsa njira ziwiri nthawi imodzi kuli ndi malo ake, makamaka pa zinthu zimene zikalakwika zimapweteka anthu, monga malipiro kapena mankhwala a odwala. Koma nthawiyo ikhale ndi malire olembedwa. Ikapitirira, anthu amatopa ndi kulemba kawiri, manambala a uku ndi uku amayamba kusiyana, ndipo palibe amene amadziwa kuti oona ndi ati. Mapanga awiri avumbwitsa.

Yambani ndi kukwirira maenje amene mwawapeza aja. Kutseka khomo lakale pamene latsopano likukanabe kutseguka ndi nkhanza, ndipo anthu adzaboola khoma. Mukatero ikani deti, mulilengeze milungu ingapo pasadakhale. Wolengeza akhale mkulu wa bungwe, osati gulu lanu, chifukwa aliyense akudziwa kuti inu mukupita.

Deti likafika, ntchito yake ndi yamanja. Sonkhanitsani mafomu akale m'maofesi onse, ndi a m'makabati omwe, ndipo muwachotse pa malo amene anthu amakoperapo pa kompyuta. Pulogalamu yakale ikhale yongowerenga, yosalola kulembamo kanthu. Imelo yakale yolandirira mapempho iziyankha yokha, kulozera anthu kwatsopano. Misonkhano imene inkakhalapo chifukwa cha njira yakale ifufutidwe pa kalendala, apo ayi idzadzipezera chochita. Werenganinso makontilakiti ndi malaisensi a zinthu zakalezo: ena amadzipitiriza okha chaka chikatha ngati simunapereke chidziwitso pa nthawi yake, ndipo bungwe limapezeka likulipira chinthu chimene palibe akuchigwiritsa ntchito.

Zolembedwa zakale musataye. Malamulo amanena zaka zimene zikalata za ndalama, za msonkho ndi za antchito ziyenera kusungidwa, ndipo zakazo zimasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani wazamalamulo wa bungwe lanu. Mukasunga, yesani: tumani munthu amene sanali m'gulu lanu akapeze chikalata china cha zaka zitatu zapitazo. Akalephera kuchipeza, simunasunge, mwangounjika.

Khomo lakale n'losiyana ndi khomo lothawira. Magetsi amazima, makina amafa. Anthu ayenera kudziwa chochita tsiku limenelo, ndipo mukapanda kuwalembera adzabwerera ku chimene akuchidziwa. Lembani tsamba limodzi: amene ali ndi mphamvu yonena kuti tayamba njira yangozi, zimene zizilembedwa ndi pamene zizilembedwa, ndi maola amene ayenera kudutsa zonse zisanalowetsedwe m'njira yatsopano zinthu zikabwerera mwakale.

Khomo lovuta kutseka kuposa onse ndi la akuluakulu. Tsiku lina mkulu wina adzaimba foni: "Ndili pa changu ine, ingondichitirani, fomuyo ndidzadzaza pambuyo." Kalaliki amene wayankha foniyo ali ndi ana ofunika kudya. Adzachita. Pofika madzulo ofesi yonse yadziwa kuti lamulo latsopanoli ndi la anthu wamba okha. Nkhaniyi ikambidwe ndi akuluakulu onse pamodzi deti lija lisanafike, maso ndi maso. Antchito apatsidwe mawu aulemu oyankhira, monga akuti "Bwana, ndikuthandizani kudzaza pompano, sizitenga nthawi." Ndipo mkulu wa bungwe anene poyera kuti wantchito amene wayankha choncho, iye adzamuikira kumbuyo. Mkuluyo akakana kunena zimenezi, dziwani kuti mwapeza vuto lalikulu kuposa onse amene ali pa ndandanda yanu, ndipo mulilembe m'lipoti.

Zatsopano zilowe m'zinthu zimene zimayendetsa bungwe

Nthawi yonseyi kusintha kwakhala kukupuma ndi mpweya wanu: misonkhano ya mlungu ndi mlungu, zikumbutso, maphunziro. Zonsezo zikutha. Zotsala ndi zija zimayendetsa bungwe ngakhale palibe woziganizira: bajeti, zikalata zofotokoza udindo wa munthu aliyense, mafomu oyezera ntchito pa chaka, maphunziro a olembedwa kumene, ndondomeko zolembedwa, ndi zimene ofufuza mabuku a ndalama amayang'ana. Tsegulani chimodzichimodzi, muone ngati chikunena chinenero chatsopano kapena chakale.

Apa ndi pamene kusintha kwambiri kumafera. Mwauza ogulitsa kuti azigawana makasitomala, koma bonasi ikuwerengedwabe pa zimene aliyense wagulitsa payekha. Mwauza oyang'anira kuti azipereka mphamvu kwa otsika, koma ndondomeko ya ndalama ikufunabe siginecha yawo pa kanthu kalikonse. Munthu akamva mawu awiri, ena a pa msonkhano ena a pa pepala la malipiro, amatsata a pa pepala la malipiro, ndipo salakwa.

Pa bajeti yang'anitsitsani. Ndalama za ntchito yapaderayi zinkalipira laisensi, wothandiza pa zamakompyuta, maphunziro. Chaka chamawa adzalipire ndani? Ngati zimenezi sizinalowe m'bajeti ya dipatimenti inayake, ndi mzere wakewake, musasaine kuti mwatseka.

Perekani kwa mwini mmodzi

Kulemba kuti "dipatimenti yoona za antchito idzapitiriza" si kupereka. Dipatimenti siyankha foni. Pa njira iliyonse yatsopano pafunika dzina la munthu mmodzi, wokhala ndi mphamvu yosintha zinthu ndi yogwiritsa ntchito ndalama, amene wavomera ndi pakamwa pake. Wongotchulidwa mu imelo amene sanaiwerenge si mwini.

Mupatseni ndandanda ya zotsala, chilichonse chili ndi dzina la wochita ndi deti. Mupatseni zoopsa zimene mukuziona kutsogolo. Mupatseni malonjezo aja amene phindu lake silinaoneke, ndi mmene adzayezedwere. Ndipo mumulembere zifukwa za ziganizo zikuluzikulu zimene munapanga. Chomalizachi ndicho chimaiwalika. Pakatha chaka wina adzafunsa kuti n'chifukwa chiyani pempho limadutsa kwa anthu awiri, ndipo pakasowa wodziwa adzachotsa sitepeyo n'kuitananso vuto limene inu munalithamangitsa.

Mwezi womaliza sinthanani mipando. Mwini watsopano azitsogolera msonkhano, aziyankha madandaulo, inu muli kumbuyo mutapinda manja. Manjawo adzakuyabwani. Munthu akabwera kwa inu ndi vuto, nyamukani mupite naye kwa mwiniyo, ngakhale yankho lili pakamwa panu. Mukamayankha nokha, anthu sadzaphunzira njira yopita ku ofesi yake, ndipo tsiku limene mudzachoke adzakhala ngati mayi aja, dandaulo lili m'manja, kolitula kulibe. Mwiniyo akachita zina mosiyana ndi mmene inu mukanachitira, koma zosaononga kanthu, khalani chete. Ndi chizindikiro chakuti wayamba kuitenga ngati yake.

Ngati munabweretsa alangizi ochokera kunja kwa bungwe, malipiro awo omaliza adikire kufikira mutalandira mawu achinsinsi a maakawunti onse oyang'anira, ndi zikalata zonse mumpangidwe woti mungathe kuzisintha nokha. Ntchito iliyonse yovuta, wantchito wanu aichite yekha kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mlangizi akungoonerera osagwira kiyibodi.

Musaiwale amene ataya kanthu

William Bridges, mlangizi wa ku America, anafotokoza mu 1991 kuti kusintha kwa zinthu ndi kusintha kwa mumtima siziyendera limodzi, ndipo kwa mumtimako kumayamba ndi kusiyana ndi chinachake. Taganizirani munthu amene kwa zaka 15 anali katswiri wa njira yakale, aliyense ankagogoda pa chitseko chake. Lero ndi wophunzira ngati wina aliyense, mwinanso achinyamata akumuposa. Malipiro ake sanasinthe, koma wataya kanthu, ndipo akudziwa.

Choncho polankhula pa mwambo wotseka musanyoze zakale. Njira yakaleyo ndiyo inanyamula bungwe mpaka kulifikitsa pano, ndipo amene ankaiyendetsa akhala m'chipinda momwemo. Atchuleni, muwathokoze. Ngati ena anachotsedwa ntchito chifukwa cha kusinthaku, onetsetsani kuti zonse zimene analonjezedwa zaperekedwa musanaitane aliyense ku chikondwerero. Otsala akuyang'ana mmene anzawo achitiridwa, ndipo akuwerengera zawo.

Gulu lanu nalonso lili ndi nkhawa yake. Mipando imene anasiya mwina pakhala ena. Kambiranani ndi mabwana awo kukadali mwezi umodzi kapena iwiri, aliyense adziwe kumene akupita. Mukachedwa, odziwa kwambiri amayamba kusaka ntchito kwina pa nthawi imene mukuwafunitsitsa. Aliyense mumulembere kalata yopita kwa bwana wake, yonena zenizeni zimene anachita, ilowe m'failo yake. "Zikomo nonse" ya pa msonkhano imauluka ndi mphepo, kalata imadzamuthandiza pa tsiku lokwezedwa.

Khalani pansi mufunsane

Asilikali a ku United States anayamba m'zaka za m'ma 1970 kachitidwe kokhala pansi pambuyo pa maphunziro kapena ntchito n'kuiunika pamodzi, ndipo mabungwe ambiri anakatengera. Mafunso ake ndi anayi. Timafuna kuti pachitike chiyani? Chinachitika n'chiyani? Kusiyanako kwabwera chifukwa chiyani? Ulendo wina tidzasunga chiyani, tidzasintha chiyani?

Chitani zimenezi gulu lisanabalalike. Wotsogolera zokambirana asakhale inu, akhale munthu amene sanali m'ntchitoyi. Muitanenso awiri kapena atatu mwa amene akugwiritsa ntchito njira yatsopano tsiku ndi tsiku. Aang'ono ayambe kulankhula, chifukwa bwana akayamba onse amangotsata mapazi ake. Funso la "chinachitika n'chiyani" lipatsidwe nthawi yokwanira, popeza mudzapeza kuti anthu asanu akukumbukira mwezi umodzi womwewo m'njira zisanu.

Polemba, pewani mawu onga akuti "tiyenera kumalumikizana bwino." Palibe amene angachite kanthu ndi mawu otere. Lembani kuti: tinaphunzitsa anthu kutatsala miyezi itatu kuti pulogalamu ifike, ndipo itafika anali ataiwala, choncho maphunziro azichitika kutatsala mlungu umodzi kapena iwiri. Masamba awiri akwana. Musangowaponya m'failo. Fufuzani amene akutsogolera kusintha kotsatira m'bungwemo, mukhale naye theka la ola, mumuwerengere.

Za ndalama ndi mapepala n'zachidule: lipirani ngongole zonse, tsekani nambala ya bajeti ya ntchitoyi kuti wina asamalembepo zake, bwezani ndalama zotsala ndi katundu wobwereka, chotsani mphamvu zapadera za pa kompyuta zimene gulu lanu linapatsidwa.

Ngati sizinatheke

Pepala loyamba lija likhoza kukuonetsani zimene simukufuna kuona. Ngakhale zitatero, ntchitoyo ikufunikabe kutsekedwa. Choipitsitsa m'bungwe ndi kusintha kumene sikunafe komanso sikuli moyo: misonkhano inangoleka, palibe ananenapo kanthu, theka la anthu likutsata zatsopano, theka zakale. Pitani kwa mkulu uja ndi njira zitatu. Kuwonjezera nthawi, koma ndi malire ndi cholinga chimodzi chomveka. Kusunga gawo limene lagwira, n'kusiya linalo. Kapena kusiya zonse. Chimene asankhe chilengezedwe kwa onse, pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo aliyense auzidwe momveka njira imene azitsata kuyambira Lolemba. Anthu amapirira kumva kuti "tinayesa, sizinatheke, chifukwa chake ndi ichi." Chimene chimawapha mphwayi ndi kungotulukira okha kuti thukuta lawo linatayidwa popanda wowauza.

Lengezani, ndipo ikani masiku obwerera

Zonsezi zikachitika, lengezani kuti ntchito yapaderayi yatsekedwa. Uthengawo unene zimene zatheka ndi manambala ake, zimene zatsala, ndi dzina la munthu amene anthu azipitako kuyambira lero. Kondwerani, pakuti anthu akhetsa thukuta, koma pa mwambowo womaliza kulankhula akhale mwini watsopano, ndipo alankhule za miyezi ikubwerayi.

Tsiku lomwelo, musanatuluke, ikani pa kalendala ya mwiniyo ndi ya mkulu uja masiku atatu obwerera: pakatha miyezi 3, miyezi 6 ndi miyezi 12. Ikani lero, chifukwa mawa aliyense adzakhala ndi moto wina wozimitsa. Mugwirizanenso malire amene akadutsidwa sadzadikira tsiku la pa kalendala, monga kuti nthawi yoyankhira kasitomala ikapitirira masiku anayi kwa miyezi iwiri motsatizana, mwiniyo aitanitse msonkhano. Pa masiku obwererawo, pepala la malonjezo lija lituluke, manambala alembedwenso, ndipo wina adzuke pampando apite kukakhala pambali pa ogwira ntchito monga munachitira inu.

Kwathu kuja, mphamvu yovomereza inaperekedwa kwa munthu wachiwiri madzulo a tsiku lomwe ndinapeza buku m'dirowa lija. Buku lobiriwira linasainidwa pa tsamba lomaliza n'kupita kosungira zikalata, ndipo tinatchula mwini wa njira yonse yoitanitsira katundu, chinthu chimene tikanachita miyezi inayi m'mbuyomo. Patatha miyezi 6 ndinabwereranso, ndinawapempha mayi aja kuti akokenso dirowa. Anaseka, nakoka. Munali makiyi, chidindo, ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo, pali dzina ndi nambala ya foni ya munthu amene amamuimbira kompyuta ikavuta.